Kutsika pa Ntchito Pang'onopang'ono: Malangizo kwa Amene Zaka Zikupita Kuno ku Mangochi

Kuno ku Mangochi anthu amasiya ntchito m'njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimapweteka thupi. Mphunzitsi, namwino kapena kalaliki wa kwa DC amalandira kalata yopuma pa ntchito akakwanitsa zaka 60. Lachisanu anali ku ntchito, Lolemba wadzuka alibe kolowera. Mlovi wokoka khoka ku Makawa, wakabaza wa pa Boma, mayi woyanika usipa pa thandala ku Msaka, amenewa kalata salandira. Amagwira mpaka tsiku limene msana kapena bondo lakaniratu, ndipo tsiku lomwelo ndalama nazo zimaleka kulowa. Woyambayo amadwala chifukwa choima mwadzidzidzi, wachiwiriyo chifukwa chosaima konse.

Bwato la injini likamabwerera ku doko, woyendetsa amachepetsa moto akadali patali. Ntchito nayo imafuna kutero. Malangizo awa ndi a inu amene zaka zanu zili pakati pa 45 ndi 60, ndiponso a inu ana amene mukuona kuti bambo kapena mayi anu ayamba kulemedwa ndi ntchito imene ankaigwira mosavuta.

Choyamba: pitani kuchipatala musanadwale

Ambiri timapita kuchipatala pokhapokha malungo atatigwetsa. Koma matenda amene amafupikitsa moyo wa munthu wopuma pa ntchito sapweteka poyamba. Chakudza sichiimba ng'oma. Tengani buku lanu la kuchipatala, pitani pa chipatala chachikulu cha pa Boma, cha ku Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi, cha Koche, cha Mulibwanji kudera la Namwera, kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi, mukapemphe kuti akuyezeni BP ndi shuga. Musachite manyazi kunena kuti simukudwala, mwangobwera kudzayezetsa.

Akakuyezani BP, funsani manambala ake ndipo aonetsetse kuti awalemba m'bukumo. Ikafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, ndipo zakhala choncho pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti yakwera. Akakupatsani mankhwala, imwani tsiku lililonse. Cholakwika chimene chapha anthu ambiri ndi ichi: munthu amamwa mwezi umodzi, mutu n'kuleka kupweteka, iye n'kunena kuti wachira. BP sichira choncho, imangogona pansi chifukwa cha mankhwalawo. Mukawasiya imadzuka mwakachetechete, ndipo mudzaidziwira pa sitiroko kapena impso zitawonongeka. Shuga amaonekera pa ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuwonda mukudya bwino, dzanzi kumapazi ndi zilonda zosapola msanga, koma ena amakhala naye zaka osaona chizindikiro chilichonse.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi zathu zowonjezera. Amene mwakhala moyo wonse mukulowa m'madzi a nyanja ya Malawi, ya Malombe kapena mu Shire, yezetsani likodzo ngakhale simukukodza magazi. Likodzo lokhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi impso pang'onopang'ono, pamene mankhwala ake, praziquantel, ndi omwa kamodzi. Maso nawo amavutika ndi kunyezimira kwa dzuwa pamadzi ndi utsi wowambira nsomba. Mukayamba kuona ngati kuli nkhungu, mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa pa opaleshoni yaifupi, munthu n'kuyambanso kuona. Agogo ambiri akhala m'nyumba zaka, akutsogoleredwa ndi mdzukulu, chifukwa chongoti wina anawauza kuti "ndi ukalamba basi." Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndi khungu lochizika.

Abambo, mkodzo ukamatuluka modontha, mukamadzuka kangapo usiku kapena kumva ngati simunamalize, kanenenitu. Amayi, pitani kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo magazi akatuluka mutasiya kale kusamba, musadikire mwezi wamawa. Amene munagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, chifuwa chosatha musachitenge ngati chimfine, fumbi la mumgodi limasiya mapapo ofooka ndipo TB imalowerapo. Ngati chipatala chili kutali, monga momwe ziliri ku Makanjira nthawi ya mvula, yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena imbani 54747, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni.

Chachiwiri: sinthani ntchito musanathyoke

Gawo ili ndi la inu amene mulibe penshoni, ndipo ndinu ochuluka m'boma lino. Khalani pansi muganize ntchito zonse zimene mumagwira pa tsiku, kenaka musankhe imodzi kapena ziwiri zimene zimakusiyani mukubuula usiku. Zimenezo ndiye zoyamba kupatsira ena, osati zonse nthawi imodzi.

Mlovi wa zaka 50 amene wakhala akupita kukapha nsomba ndi ukonde wa chilimira usiku ndi usiku akhoza kuyamba ndi kuchepetsa maulendo, masiku otsalawo n'kumasoka maukonde pamtunda, kukonza mabwato, kuyang'anira zida kapena kugula ndi kugulitsa pa doko pomwepo. Luso losoka ukonde ndi lodziwa mphepo ya mwera isanafike ndi chuma chimene anyamata alibe, ndipo n'choyenera kulipidwa. Yambani kuphunzira ntchito ya pamtundayo mukadali ndi mphamvu, makamaka nthawi imene nyanja yatsekedwa kumapeto kwa chaka. Mukadikira mpaka phewa litafa, mudzapita kukapempha ntchitoyo ngati wopemphetsa, ndipo mwini zida adzakupatsani malipiro amene iye wafuna.

Wakabaza asiye kunyamula matumba a chimanga ndi simenti, asankhe maulendo afupi a m'mawa ndi madzulo. Ngati mungathe, gulani njinga yachiwiri mubwereketse mnyamata wodalirika kuti azikupatsani kenakake pa tsiku. Mlimi achepetse munda. Ekala imodzi yosamalidwa bwino, yokhala ndi manyowa ndi nandolo, imaposa maekala atatu amene mukulephera kupalira. Amayi owamba nsomba, wambirani pamalo podutsa mphepo ndipo musamaweramire utsi tsiku lonse. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo khosi limene lasenza zaka 40 lili ndi ufulu wopumula. Tungani theka kawiri, kapena atunge ana.

Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala sikochita nako masewera. Thupi la munthu wachikulire silimva ludzu msanga ngati la mwana, choncho imwani madzi musanamve ludzu, ndipo ntchito yolemetsa izithera m'mawa dzuwa lisanakwere. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wofiirira, madzi akuchepa m'thupi.

Pali chizolowezi china chimene ndikufuna muchisiye lero. Anthu ambiri ogwira ntchito zolemetsa amagula brufen, indosidi kapena diclofenac pa okala n'kumamwa tsiku lililonse kuti athe kudzuka. Mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali amachita zilonda m'mimba, amawononga impso ndipo amakweza BP. Choipa china n'chakuti amabisa ululu umene ukanakuuzani kuti ntchitoyo yakukulirani. Ululu wa msana kapena mawondo ukapitirira masabata angapo, kaonaneni ndi achipatala akuuzeni mankhwala oyenera thupi lanu.

Chachitatu: konzani mapepala kutatsala zaka zisanu kuti mupume

Inu olembedwa ntchito, kaya m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, ku kampani ya nsomba, m'sitolo kapena ku bungwe, lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inu n'kumadulidwa 5 peresenti. Kudulidwa pa pepala la malipiro si umboni wakuti ndalamazo zinafika. Pemphani sitetimenti kwa amene amasunga penshoni yanu chaka chilichonse, muone ngati miyezi yonse ilimo. Mukapeza mipata, funsani bwana mwaulemu koma polemba kalata, ndipo zikakanika kadandauleni ku ofesi ya zantchito pa Boma kapena ku Reserve Bank, imene imayang'anira za penshoni. Nkhani yotere imatheka mukadali pa ntchito. Mukachoka, mudzatha nsapato.

Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa pa chiphaso cha unzika zikufanana ndi zimene zili m'faelo ya ku ntchito ndi ku banki. Kuno ambiri tili ndi mayina awiri kapena atatu, la kubadwa, la ku ndagala ndi la kusukulu, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi kumachedwetsa ndalama miyezi yambiri. Inu a m'boma, fufuzani kalata yanu yoyambira ntchito, yotsimikizidwa pa ntchito ndi za kukwezedwa, mujambulitse zonse musunge pamalo posalowa madzi. Lembaninso fomu yotchula amene adzalandire ndalama zanu mukadzamwalira. Ngati munailemba musanakwatire, kapena banja linatha n'kukwatira kwina, ikonzeni. Amene muli ndi mitala, nenani poyera gawo la nyumba iliyonse, mulembe wilo, pepala lonena mmene chuma chanu chidzagawidwire mukadzamwalira. Lamulo la mu 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu, koma pepala lolembedwa ndi inu mwini limatseka mkangano usanayambe.

Amene mulibe penshoni, musawerengere Mtukula Pakhomo. Pulogalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma oyambirira kulandira, koma imafika kwa mabanja ochepa osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito. Si ya wokalamba aliyense. Penshoni yanu ndi imene mukuika pambali nthawi ya usipa wambiri: masheya ku banki mkhonde, mbuzi ziwiri zitatu, kachipinda kochititsa lendi, mitengo ya mango.

Chachinayi: dziwani kumene mukakhale

Izi zimaoneka zazing'ono koma zimagwetsa amuna ambiri. Kuno kwathu mwamuna amamanga kwa mkazi. Mkazi akatsogola, kapena banja likatha pa ukalamba, bambo amapezeka akubwerera kwa alongo ake kumene anachoka zaka 30 zapitazo, wopanda munda, wopanda nyumba, wopanda mnzake. Kambiranani nkhaniyi pabanja, ankhoswe ndi ana akumva, nonse mukadali moyo ndi mphamvu. Amene mukukhala m'nyumba ya sukulu kapena ya boma, mangani yanu musanalandire kalata, ngakhale ya zipinda ziwiri.

Posankha malo, yang'anani mtunda wopita kuchipatala ndi ku mjigo, osati kukongola kwa malo kokha. Musamange pafupi kwambiri ndi madzi. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'mahotela ambiri m'boma lino, ndipo munthu wa zaka 65 sangathe kumanga kawiri. Chimbudzi chikhale pafupi, njira yake yosalala, khomo lopanda masitepe aatali. Kugwa usiku n'kuthyoka chiuno ndi ngozi imene imagoneka achikulire ambiri osadzukanso.

Chachisanu: ndalama zikafika, musazikhudze mwezi woyamba

Lamulo la penshoni la mu 2023 limalola wopuma kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, zotsalazo n'kumalandira mwezi ndi mwezi. Ogwira ntchito m'boma okhalitsa nawo amalandira giratuwite, ndalama yoperekedwa kamodzi munthu akamapuma pa ntchito. Kwa ambiri, iyi ndi ndalama yaikulu kuposa iliyonse imene anagwirapo, ndipo mudzi wonse umadziwa tsiku limene yalowa. Kudzabwera mphwanu wofuna ya basi ndi pasipoti kuti apite ku Joni, mnzanu wodziwa bizinesi yobweza kawiri pa mwezi, ndi wina wokuuzani kuti gulani bwato ndi injini. Onsewa muwayankhe mawu amodzi: "Ndamva, ndiganize kaye."

Pa nkhani ya bwato ndinene mosabisa. Ngati simunakhalepo pa doko, musagule. Mwini zida amene sadziwa nyanja amadalira zimene alovi amuuza, mafuta amakwera, injini imafa, ukonde umang'ambika, ndipo chambo chimene chinkalemeretsa anthu ku Malombe kale chinachepa. Chimodzimodzi minibasi. Bizinesi imene imakulandani tulo imakwezanso BP. Ngati mukufuna geni, yambani ndi yaing'ono imene munaiyesa kale mukadali pa ntchito, ndipo muikemo ndalama zimene zitatayika simungagone ndi njala.

Yambani ndi kubweza ngongole, makamaka za katapila. Kenaka malizani nyumba: denga, zitseko, chimbudzi, sola. Patulani ndalama ya matenda imene simuikhudza pa ukwati kapena sadaka, chifukwa mankhwala a BP ndi shuga nthawi zina amasowa ndipo mudzafunika kugula, komanso ulendo wa ku chipatala chachikulu cha Zomba umafuna thiransipoti. Koma musasungenso zonse m'thumba kapena pansi pa matiresi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atangosunga ndalama anaona mphamvu yake ikusungunuka. Gawo lina lisanduke chinthu chogwirika chimene chimabala, gawo lina likhale ku banki kumene kuli chiwongola dzanja. Nambala yachinsinsi ya khadi la ku banki ndi ya Mpamba kapena Airtel Money ikhale yanu nokha.

Chachisanu ndi chimodzi: tsiku likhale ndi chochita

Ntchito imapatsa munthu malipiro, koma imamupatsanso nthawi yodzukira, anthu olankhula nawo ndi ulemu. Zitatu zimenezi zikachoka pamodzi, munthu amayamba kugona masana, kusowa tulo usiku, kukwiya ndi zazing'ono, ena n'kuyamba kachasu m'mawa. Amene anali ahedi, aliyense akuwapatsa moni ataimirira, amapezeka ali pakhonde ndi wailesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kukhumudwa kotere ndi matenda, ndipo achipatala amathandiza. Musakuone ngati kufooka kwa chikhulupiriro.

Sabata yoyamba yomwe, dzukani nthawi imene munkadzuka kale. Yendani mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, kuti zikwane mphindi 150 zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa. Kupita wapansi ku mzikiti pa swala ya m'bandakucha, ku misa ya m'mawa kapena ku msika kumawerengedwa. Njinga nayo ndi yabwino, malo athu ambiri ndi a chidikha. Kawiri pa sabata limbitsani miyendo: khalani pa mpando n'kuimirira osagwira kanthu kakhumi, pumulani, bwerezani. Imani ndi mwendo umodzi mutagwira khoma. Miyendo yamphamvu ndi imene imathandiza munthu kudzipitira yekha kuchimbudzi ali ndi zaka 80.

Pezaninso udindo umodzi umene anthu angakufunseni mukajomba. Komiti ya sukulu, ya chipatala, ya pa doko, ya mjigo, gulu la amayi a dawa, a chigwirizano kapena a Mvano, kuphunzitsa sukulu ya kwacha, kusunga mabuku a banki mkhonde. Bawo pansi pa mtengo nalonso ndi labwino, limagwiritsa ntchito mutu ndipo limabweretsa anzanu, bola lisakhale ndi botolo pambali.

Pa chakudya, ife tili ndi mwayi. Usipa wodyera pamodzi ndi minga yake umalimbitsa mafupa. Onjezani nandolo, khobwe, nsinjiro, bonongwe, chisoso, nkhwani, malambe ndi mango. Ntchito ikachepa, mitanda ya nsima ichepenso, ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Chotsani mchere wa pambali pa mbale. Tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi m'mawa uliwonse asinthidwe ndi phala, mbatata kapena chinangwa chophika. Amene mano anatha, musasiye ndiwo n'kumangomwa phala, sinjani nsomba ndi masamba. Neti ya udzudzu ndi yanunso, si ya ana ndi amayi apakati okha.

Inu amene mumafunga mwezi wa Ramadan muli ndi shuga kapena mukumwa mankhwala a BP, pitani kuchipatala mwezi usanayambe kuti akuuzeni ngati mungathe ndi mmene mungasinthire nthawi yomwera mankhwala. Kufunga mutamwa mankhwala a shuga monga mwa masiku onse kukhoza kutsitsa shuga mpaka kukomoka. Kambiraninso ndi ashehe, chifukwa chipembedzo chimapereka mpata kwa wodwala ndi wokalamba.

Chachisanu ndi chiwiri: gwirizanani ndi ana zinthu zisanavute

M'midzi yambiri ya kuno anyamata ali ku Joni, ndipo anganga atsala ndi adzukulu anayi kapena asanu. Kulera adzukulu kumasangalatsa, koma ndi ntchito yolemetsa ngati ina iliyonse. Musaope kuuza ana anu kuti, "Ana awiri ndikwanitsa, asanu ayi," kapena kuti ndalama ya chakudya ndi ya sukulu izibwera tsiku lodziwika. Inunso ana, potumiza ndalama patulani ya mankhwala a mayi kapena bambo anu, ndipo poimba foni funsani manambala a BP a mwezi uno, osati za njerwa ndi malata zokha.

Kholo likayamba kuiwala mayina, kusochera pa njira imene limaidziwa, kuyenda usiku kapena kulankhula zosagwirizana, amenewo ndi matenda a ubongo amene amabwera kwa ena pa ukalamba. Si ufiti. M'dziko muno okalamba amenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo mphekeserazo nthawi zambiri zimayambira pachibale pomwepo. Lamulo la mu 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Mukamva kunong'ona, uzani amfumu ndi apolisi msanga, ndipo dziwitsani anansi kuti agogo akudwala kuti akawapeza panjira awabweze kunyumba. Pitani nawonso kuchipatala, chifukwa kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi kukhoza kukhala malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo zimenezi zimachizika.

Pomaliza gwirizanani za tsiku la ngozi. Aliyense pakhomo, ngakhale mdzukulu wa Sitandade 6, adziwe zizindikiro za sitiroko: pakamwa kukhota, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, mawu kutuluka mosamveka. Zikaoneka, musamwetse munthuyo madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, chifukwa akhoza kutsamwa. Mugonekeni chammbali, pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo, ndipo musadikire kuti kuche. Lembani nambala za madalaivala awiri a m'dera lanu pachikuto cha buku la kuchipatala, ndalama ya thiransipoti ikhale m'bukumo, ndipo buku ndi mankhwala zizikhala pamalo amodzi odziwika ndi onse a m'nyumbamo.